Malaya a Lachiwiri

Lachiwiri lija sindinavalire munthu.
Ndinachoka m'munda wa nzimbe chikwanje chili m'khwapa,
malaya ali bii ndi mwaye wa masamba otenthedwa usiku,
batani lachitatu palibe, m'malo mwake kawaya.
M'holo ya pa Nchalo ndinalowamo pothawa dzuwa,
poti Okutobala wa kuno
ngakhale mbuzi zimakana kuwoloka msewu masana.

Mayi wa magalasi, a Dinyero, anandipatsa pepala.
"Werenga apa. Ndiwe bambo wa ku Makhanga,
madzi akukutengera nyumba."
Ndinawerenga mizere iwiri, pepala nkuliyiwala m'manja,
chifukwa nyumba imeneyo ndimaidziwa,
chitseko chake ndinakhoma ndine.

"Ubwerenso Loweruka," anatero.

Nkhani inafika kwathu ine ndikadali pa mjigo.
Mlamu wanga Finiyasi anatsegula sutikesi,
natulutsa jekete imene anakwatira nayo,
ikununkhabe mankhwala a njenjete ndi malonjezo.
Rozinya anagula tayi pa kaunjika, ya mawanga ngati nkhanga.
Nsapato zosongoka tinakabwereka kwa aphunzitsi,
zocheperako pang'ono, koma akuti phazi limazolowera.
"Wa sewero azioneka," onse anatero,
"asakatichititse manyazi pamaso pa anthu a m'tauni."

Loweruka pa kabaza thukuta linayambira m'khosi,
pofika pa holo linali litadzaza m'nsapato.
Tinalipo khumi ndi awiri, tonse m'majekete,
ndii pa benchi ngati mboni za mlandu wa ng'ombe.

A Dinyero anaitana mayina.
Anandidutsa ndi maso kawiri.
"Zuwawo sanabwere?"
"Ndine, mayi."
Anatsitsa magalasi mpaka pamphuno. "Chabwino. Werenga."

Ndinayamba.
Mawu anakakamira pa mfundo ya tayi,
otulukawo anatuluka ali aulemu,
ngati mlembi akuwerenga ngongole za banki m'khonde.
Ndinati ndikweze manja kuitana wa bwato,
jekete inandigwira m'mapewa, akuti basi pomwepo.
Ndani anathawapo Shire atadzaza
akuyenda chonyang'ama kuopa matuza?

"Ima kaye," anatero mayi uja, mosakwiya.
"Lachiwiri kuno kunabwera munthu.
Lero kwabwera jekete.
Mwini wake mwamusiya kuti?"

Holo yonse zii.
Kunja galimoto ya nzimbe inadutsa, mawindo nkunjenjemera.

Ndinavula.
Jekete pa benchi, tayi pamwamba pake,
nsapato pansi, mphuno zake zikuloza kukhomo.
M'kati munali malaya omwe aja,
poti ena oti ndivalire m'kati ndilibe.
Rozinya anawachapa katatu ndi sopo wa mtanda
koma mwaye wa nzimbe sumva sopo.

"Eya," anatero a Dinyero. "Wafika tsopano. Yambiranso."

Simenti inali yozizira kumapazi,
ndipo madzi anabwera.
Anafika m'mawondo, anafika m'chiuno,
ndinanyamula mwana amene panalibe,
ndinamuika pa phewa pamene jekete inakana,
ndinakuwa dzina limene silinalembedwe pa pepala.
Mtsikana wina pa benchi anakweza miyendo
kuti isanyowe.

Madzulo ndinabweza katundu wa eni.
Finiyasi anafunsa, "Yagwira ntchito?"
Ndinati kwambiri, mlamu,
inakhala pa benchi mwaulemu, sinasokose.
Aphunzitsi anayang'ana kunsi kwa nsapato zawo
nadabwa kuti sizinathe n'pang'ono pomwe.

Mayina akuti adzamata Lolemba pa chitseko cha holo.
Kaya langa lidzakhalapo, kaya ayi,
nzimbe zikundidikira mbandakucha.
Malaya ali pa chingwe, akuuma ndi mphepo yotentha.
Rozinya watenga singano kuti asokerepo batani,
ndamugwira dzanja.
Kawayako kasiye, mkazi wanga,
mwina ndi kamene akandidziwire.